Zotsatira: kulemba MSCE pa zaka 54

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati wamkulu ngati ine angalembebe MSCE. Ndinatsatira malangizo olowa open school m'malo mowerenga ndekha kunyumba, ndipo ndakhoza.

Kwa amene mukufuna kuyesa: Chingerezi musachipeputse, mukachilephera satifiketi palibe. Tengani maphunziro asanu ndi awiri basi, ochuluka amangomwaza mutu. Biology ndi Agriculture zili ndi mayeso a practical, choncho funsani kaye ngati sukuluyo ili ndi zipangizo. Polembetsa ku MANEB, dzina lifanane ndendende ndi la pa chiphaso cha unzika.

Chimene chimagwetsa akuluakulu ambiri ndi dzanja, chifukwa linaiwala kulemba msanga. Sabata iliyonse yankhani pepala limodzi lakale, wotchi ili patebulo, osaima mpaka nthawi itakwana.