Mdadada wa sukulu ya kwathu: tiupereke m'manja mwa mpingo wa Adventist?

Wapampando: Abale ndi alongo ochokera ku Thyolo amene tili kuno ku Joni, ndalama zomwe takhala tikusonkha zakwana kumangira mdadada umodzi, ndipo a mpingo wa Seventh-day Adventist kumudzi apempha kuti sukuluyo aziiyendetsa ndi iwo. Tiyeni timve maganizo anu tisanayankhe amfumu.

Mkulu wa mpingo, Rosettenville: Zikomo a Wapampando. Kwa ife a Adventist, sukulu ndi gawo la ntchito yofalitsa uthenga, chifukwa timakhulupirira kuti cholinga cha maphunziro ndi kubwezeretsa chifanizo cha Mlengi mwa mwana, kuti akule m'thupi, m'nzeru ndi muuzimu nthawi imodzi. Ellen White, mmodzi mwa amene anayambitsa mpingo wathu, anafotokoza zimenezi m'buku lake lotchedwa Education mu 1903, koma makolo athu anaziona ndi maso pa mishoni ya Malamulo, pamene mpingo unayamba ntchito mu 1902, ndipo sukulu, minda ndi chipatala zinakulira limodzi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti chipinda chimodzi chikhale chophunzitsiramo ukalipentala ndi kusoka.

Mayi Msungichuma: A Mkulu, mawu anu ndawamva, koma m'gulu muno muli a CCAP, Akatolika ndi Asilamu, ndipo onsewa apereka marandi amene anawapeza movutikira, ena pochapa ndi kusita m'nyumba za ku Sandton, ena podikira maganyu m'mbali mwa msewu. Kodi mwana wa Msilamu akakana kulowa gulu la achinyamata a mpingo la Pathfinder kapena kalasi ya ubatizo adzaonedwa motani? Komanso kuyambira 1994 pulayimale ya boma ndi yaulere, choncho ngati mpingo udzafuna fizi yolipirira aphunzitsi, ana a anthu othyola tiyi m'maesiteti adzatsala panja pa sukulu yomangidwa ndi abale awo omwe.

Bambo a ku Tembisa: Ine si wa Sabata, koma pa za ntchito zamanja ndili kumbali ya a Mkulu. Anyamata athu amafika pa siteshoni ya mabasi ya Park Station atapinda satifiketi ya MSCE m'chikwama, koma abwana akafunsa amene angathe kupala thabwa kapena kuimika felemu ya chitseko, onse amayang'ana pansi. Funso la amayi la fizi ndi limene likundisowetsa mtendere.

Mlembi: Sukulu zambiri za mishoni ku Malawi eni ake ndi mipingo pamene aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo njira imeneyi ingatithandize. Ndilembera abusa a kumudzi kuti atiyankhe polemba za fizi, za ufulu wa ana a zipembedzo zina, ndi za amene adzagule zida za ukalipentala. Mayi Msungichuma, chonde musatumize kalikonse kufikira yankho litawerengedwa pa msonkhano wa Lamulungu lomaliza la mwezi uno.