Nzeru zojambulira malonda mumazitenga kuti?

Moni nonse akuluakulu ojambula makanema. Ndili ku Mangochi kuno, ndimajambula timakanema totsatsa malonda, koma pano mutu waima. Bwana wina wa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja akufuna kanema wa masekondi 30 woti aike pa Facebook.

Ndajambula dzuwa likutuluka panyanja, mabwato, chambo chili m'mbale, koma zonsezi anzathu anajambula kalekale. Ndaonera za ena pa YouTube mpaka bandulo kutha. Dzulo ndinalawirira kudoko, asodzi akukoka khoka, amayi akunenerera usipa mabeseni ali pambali. Ine zinandigwira mtima, koma bwanayo akuti fungo la nsomba silikopa alendo.

Kamera yanga ndi Canon 700D, droni ndilibe. Zikafika pamenepa, inu nzeru zatsopano mumazitenga kuti? Ndithandizeni chonde, akuifuna Lachisanu.