Kachilombo kofiira ndi kokuda aka ndi kaja ka ku Nairobi?

Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare, ndipo kumunsi kwa nyumba ndili ndi kadimba ka repu ndi tomato pamalo pomwe madzi amadikha. Chiyambireni mvula mu Disembala, usiku uliwonse pa babu ya sola ya pakhonde pamadzaza tizilombo towonda ngati nyerere. Lamlungu usiku mdzukulu wanga anamva china chikuyenda pakhosi n'kuchitikita ndi dzanja. Lachiwiri panatuluka mzere wofiira ngati wina wamudinda ndi waya wamoto, lero pali matuza. Mtima wanga suli m'malo.

Ndagwira tiwiri m'botolo, zithunzi ndi izo. Ndayeza ndi rula ya kusukulu: kena mamilimita 8, kena 9 kakatambasuka. Mutu ndi wakuda, kachifuwa kofiirira ngati lalanje, kenako timapiko tolimba tonyezimira mwabuluu koma tatifupi zedi, moti mimba yonse ili pamtunda. Mimbayo ndi yofiirira, kunsonga yakuda. Mukagogoda botolo kamapindira mchira m'mwamba ngati chinkhanira. Kodi ndi mtundu uti weniweni? Nanga ndipopere mankhwala m'dimbamo?

Yankho la mphunzitsi wa sayansi:
Amayi, pepani ndi za mwanayo. Timapiko tatifupi ndi mchira wopindawo zikusonyeza banja la zikumbu lotchedwa Staphylinidae, ndipo maonekedwe mwafotokozawo ndi a gulu la Paederus, limene ku Kenya amati Nairobi fly ngakhale si ntchentche. Kunali vuto lalikulu kumeneko mu 1998 itagwa mvula ya El Niño. Mpaka pamenepo zithunzi zanu zakwanira.

Koma dzina la mtundu weniweni, musalole wina akuuzeni pongoyang'ana chithunzi cha pafoni. Banja limeneli lili ndi mitundu yoposa 60,000, ndipo a Paederus ambiri amavala yunifolomu imodzi. Paederus sabaeus ndi wodziwika mu Africa muno, komabe akatswiri amatsimikiza poona chiwalo choberekera cha kachimuna pa maikulosikopu. Muyeso wanunso uli ndi vuto limodzi: mimba ya kachilomboka imatalika n'kufupika, n'chifukwa chake mwapeza 8 ndi 9. Yezani kuchokera kumutu kulekeza pomwe pathera timapiko tolimbato. Jambulani kuchokera pamwamba ndendende, masana, rula ili pambali, ndipo miyendo ndi tinyanga zioneke bwino chifukwa kufiira kapena kuda kwake kumathandiza kusiyanitsa mitundu. Mukatero ikani pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amathandizana kuzindikira zamoyo pa zithunzi. Ngati mukufunadi dzina, tiviikeni mu spiriti, lembani tsiku ndi malo ndi pensulo pa kapepala, mufunse ku Natural History Museum ku Bulawayo komwe amasunga tizilombo tambirimbiri.

Yankho la namwino:
Mayi anga, dzina lidikire, mwana apite ku kiliniki lero. Kachilomboka sikaluma ayi. M'thupi mwake muli poizoni wotchedwa pederin amene amatuluka mukakaphwanya, ndipo khungu limayamba kupsa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Asakande, asaboole matuzawo, ndipo dzanja lisapite kumaso chifukwa diso limatupa koopsa. Ulendo wina kakatera pathupi, kauzireni kapena kachotseni ndi pepala, kenako sambani ndi sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Pilo ndi thawulo zakenso muchape.

Yankho la mlimi wa ku Epworth:
Achemwali, zopopera zisiyeni. Timeneti timadya tizilombo ting'onoting'ono towononga mbewu, m'dimba ndi anzathu. Chimene chikukokera tizilomboti kunyumba ndi babu yoyerayo. Ine ndinasamutsa yanga n'kuimangirira pa mtengo kutali ndi khomo, ana ndikuwagoneka mu neti.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Tachokera ku kiliniki, atipatsa mankhwala opaka. Babu ndachotsa pakhonde. Aphunzitsi, ndayezanso monga munanenera, tonse tiwiri takwana mamilimita 4 ndi theka. Spiriti wake ndi yemweyu wapepo wa m'sitolo, kapena ndifune woyera ku famase?