Ma PSD anga akukana kulowa mu Lightroom, thandizeni

Wamaleya: Akuluakulu mutu waima. Ndili ndi ma PSD (mafayilo a zithunzi a Photoshop) opitirira 100 a ukwati, ndakhala ndikuwakonza sabata yonse mu Photoshop, pano ndikuti ndiwalowetse mu Lightroom (pulogalamu yosanja ndi kukonza zithunzi zambiri) nditulutse ma JPEG onse pamodzi akukana, akuti sanasevedwe ndi maximize compatibility. Mu Photoshop akutseguka bwinobwino maleya onse (zigawo zosanjikizana za chithunzi) alipo koma pulogalamu ina iliyonse ikungoonetsa tsamba loyera lolembedwa kuti fayiloyi ilibe composite. Kasitomala akufuna zithunzi mawa mmawa. Ndalakwitsa pati?

Asisi_Retouch: Achimwene kabokosi kaja kamatuluka poseva munachotsa tiki, mwinanso munadina don't show again kuti kasamakuvuteni. Pitani Preferences, File Handling, pa Maximize PSD and PSB File Compatibility pali Never, Always ndi Ask, ikani Always. Ntchito yake ndi kusunga chithunzi chimodzi chophatikiza maleya onse (composite ija) mkati mwa fayilo yomweyo. Lightroom sawerenga maleya anu, amangoyang'ana chophatikizacho, chikasowa ndiye wakana basi.

MadalaTIFF: Mukanaseva TIFF (mtundu wina wa fayilo ya chithunzi) zonsezi bwenzi kulibe. TIFF imasunga maleya ndipo chophatikizacho chimakhalamo nthawi zonse, palibe tiki yoti muiwale.

Wamaleya: Eeh asisi zoona ndinaika Never chaka chatha diski itadzadza, mafayilo amakula kwambiri. Ndasintha koma akukanabe??

Asisi_Retouch: Kusintha kumeneko kumagwira pa zomwe museve kuyambira pano, akalewo ali momwe analiri. Aliyense ayenera kutsegulidwa ndi kusevedwanso. Musachite pamanja, File, Scripts, Image Processor, sankhani foda, Save as PSD, tiki pa maximize compatibility. Koma chonde koperani foda yonse kaye pena pake, yesani pa mafayilo 3 muone ngati maleya atsala musanaponye onse.

Kajambule: Zokopera fodazo mverani amwene. Ine ndinapanga action (masitepe osungidwa oti Photoshop izibwereza yokha) usiku ndili ndi tulo, ndinaikamo flatten (kuphatikiza maleya onse kukhala imodzi) kenako save, ndinaiyendetsa pa foda yoyambirira. Mmawa fayilo iliyonse leya imodzi, Background basi. Kasitomala atabwera kuti tisinthe mawu pa chikuto ndinayambiranso pachiyambi, sindinamuuze chifukwa chake, ndinangoti kompyuta ikuchedwa kkkk

MadalaTIFF: Ndi chifukwa chake ndikuti TIFF. Ndipo PSD imathera pa 2 GB, TIFF imafika 4 GB.

Kajambule: Madala flatten ikanapha maleya ngakhale pa TIFF yanuyo

Mlongo_wa_Pixel: China choti musamale, pali kachinyengo kaja anthu amaphunzitsana koika leya yoyera pamwamba kapena kuzimitsa maleya onse musanaseve kuti fayilo ichepe. Imachepadi chifukwa chophatikizacho chimakhala choyera mbee, chosavuta kupanikiza. Koma ndiye Lightroom adzakuonetsani choyeracho, tiki ilipo koma chithunzi palibe. Mnzanga wina anatumiza zotero kosindikiza, mwamwayi anamuimbira kumufunsa ngati akufunadi pepala lopanda kanthu.

Wamaleya: zimenezo sindinachite, mwina pa awiri atatu

Bambo_Banner: Inenso ndifunse pomwepa, ma banner anga akuluakulu amakana PSD amafuna PSB (fayilo ya Photoshop ya zithunzi zazikulu kwambiri), ndi vuto lomweli?

Asisi_Retouch: Ayi bambo, kumeneko ndi kukula. PSD siyidutsa ma pixel 30,000 mbali iliyonse, PSB imafika 300,000. Koma tiki ija ndi imodzi yomweyo, ndipo dziwani kuti mapulogalamu ambiri PSB saitsegula nkomwe, funsani kaye amene mukumutumizirayo. Komanso anthu asaganize kuti tikiyi imakonza zonse. Mukatsegula mu GIMP (pulogalamu ina yokonzera zithunzi) kapena mu Photoshop yakale, smart object, adjustment layer ndi mawu zitha kubwera zosintha kapena zosatheka kukonzanso. Chophatikizacho chimangoonetsa mmene chithunzi chimayenera kuonekera, sichibweza maleya amene pulogalamuyo sikuwadziwa.

MadalaTIFF: Ine zaka zonsezi TIFF, ZIP compression, sindinaonepo tsamba loyera limenelo.

Mlongo_wa_Pixel: ZIP yanuyo poseva mumatha kupita kokasamba nkubwera isanamalize madala. Ndipo ena akalandira TIFF amaganiza kuti mulibe maleya, amatsegula mu pulogalamu ina nkusevanso, maleya onse apita osadziwa.

MadalaTIFF: Limenelo ndi vuto la munthu osati la TIFF.

Kajambule: Nanga la a Wamaleya ndi la ndani kkkk. Amwene onaninso malo pa diski musanayambe, mafayilo akula ndithu makamaka ngati ali 16 bit, ndipo Image Processor imapanga foda yatsopano ndiye mukhala nawo pawiri. Ikadzadza pakati pa ntchito muyambanso kulira pano.

Bambo_Banner: A Wamaleya zatheka? Komanso alipo akudziwa chifukwa chake mitundu imazilala ndikasintha kupita ku CMYK (mitundu yosindikizira papepala)?