Kodi woweta agalu wokhulupirika ndingamudziwe bwanji?

Nambewe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuweta agalu kwa nthawi yaitali. Ndikufuna mwana wa galu wa mtundu wa German Shepherd, weniweni wosasakanizika, koma ndikuchita mantha chifukwa chaka chatha ndinapusitsidwa. Munthu amene ndinamupeza pa intaneti anandipatsira kagalu pamsewu, kali m'katoni, n'kunena kuti kakwanitsa masabata 8 ndipo kanabayidwa kale katemera. Pa tsiku lachinayi kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Dokotala wa ziweto anati ndi parvovirus, ndipo ataona mano ake anati kanachotsedwa kwa mayi wake kasanafike msinkhu. Kanafa, ndipo foni ya wogulitsayo sinapezekenso. Tsopano ndapeza woweta wina amene akuti agalu ake ali ndi mapepala. Kodi mapepalawo ndi okwanira kuti ndimukhulupirire?

Wakale Pakhola:
Pepani kwambiri, mayi. Musapereke ndalama, ngakhale ya chikole, musanapite nokha kumene anawo anabadwira n'kuona mayi wawo ndi maso anu. Galu amene akuyamwitsa sabisika: mawere ake amakhala olendewera, ubweya umathothoka pang'ono, ndipo ana amamuthamangira akangomuona. Ngati akuonetsani galu wamkazi wosalala bwino amene anawo sakumulabadira, n'kutheka kuti anawo anawagula kwina kuti adzagulitsenso. Muonenso khalidwe la mayiyo, chifukwa galu wamantha, wobisala kuseri kwa khola mlendo akafika, kawirikawiri ana ake amatengera.

Mukafika, nyamulani kagalu kamodzi. Maso akhale oyera opanda manthongo, kumatako kukhale kouma, ndipo mukatambasula ubweya pamimba pasapezeke utitiri. Mimba yotupa ngati mpira pamene nthiti zili poyera ndi chizindikiro cha njoka zam'mimba, zomwe mankhwala ake amayamba kuperekedwa kagalu kali ndi masabata awiri. Pemphani khadi la katemera lokhala ndi chidindo cha dokotala; katemera woyamba wa matenda a parvovirus ndi distemper amabayidwa pakati pa masabata 6 ndi 8, ndipo wa chiwewe amabwera pambuyo pake, pa masabata 12. Woweta wabwino sakupatsani kagalu kasanakwane masabata 8, ngakhale mutamuchonderera.

Mphunzitsi Wopuma:
Pa funso lanu lenileni, yankho ndi lakuti ayi. Mapepala ochokera ku mabungwe monga The Kennel Club ya ku Britain, yomwe inayamba mu 1873, kapena American Kennel Club ya 1884, amangosonyeza mzere wa makolo a galuyo. Satsimikizira kuti galuyo ndi wathanzi. Vuto lalikulu la German Shepherd ndi mfundo ya m'chiuno yosalowana bwino, imene madokotala amaitcha hip dysplasia, ndipo imayenda m'magazi. Kagalu kamaoneka kabwinobwino, koma kakamakula mumayamba kuona kuti kakuvutika kudzuka ndipo pothamanga kakudumpha ndi miyendo yonse yakumbuyo pamodzi ngati kalulu. Choncho funsani zotsatira za X-ray ya chiuno ndi zigongono za makolo onse awiri. Ku Britain amajambula galu akakwanitsa chaka chimodzi, pomwe bungwe la OFA la ku America limapereka chiphaso chake galu akafika zaka ziwiri. Woweta akakuyankhani kuti "agalu anga sadwala" m'malo mokuonetsani pepala, ndiye kuti sanawayezetse.

Onetsetsaninso kuti nambala ya microchip (kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu la galu), imene kawirikawiri imakhala ya manambala 15, ikufanana pa galu ndi papepala. Dokotala amaiwerenga ndi kamakina pakamphindi kochepa.

Nangondo:
Ndikugwirizana ndi abambo awiriwa, koma ndiwonjeze kuti musakayikire woweta chifukwa choti bambo wa anawo palibe. Nthawi zambiri galu wamphongo amakhala wa munthu wina, ndipo ine ndimakayikira kwambiri amene amakweretsa agalu ake awiri omwewo nthawi iliyonse. Chimene chinandikhazika mtima pansi kwa amene ndinagulako ine n'chakuti ndi iye amene anandipanikiza ndi mafunso: ngati ndili ndi mpanda, amene adzatsale ndi galu masana, ndi chimene ndikumufunira. Poyamba ndinakhumudwa, popeza ndinkaona ngati akundiyesa mwana. Kenako anandidikiritsa miyezi isanu, n'kundisainitsa pangano loti ndikadzalephera kumusunga ndidzamubweze kwa iye. Amene ali ndi ana a mitundu inayi kapena isanu mwezi uliwonse, ameneyo mumupewe.

Nambewe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamuimbira foni, ndipo wavomera kuti ndipite Loweruka ndikaone mayi ndi ana, omwe tsopano ali ndi masabata 5. Za X-ray wati ali nazo za mayi yekha, ndipo za bamboyo akazipempha kwa mwini wake. Ndamuuza kuti chikole ndidzapereka ndikadzaona zonse ziwiri.