Sikiripiti ya zisankho zachipulula za ku Iowa: ma social conservative tiwatchule bwanji pa wailesi?

Wokonza pulogalamu: Akuluakulu, ndithandizeni. Pali mphindi zisanu zofotokozera omvera momwe chipani cha Republican ku America chimapezera wodzachiimira pa upulezidenti, mpikisano womwe umayambira m'chigawo cha Iowa. Chiganizo chomwe chakanirira ndi ichi: "Ku Iowa, osunga mwambo amavotera munthu wopemphera, ndipo wopambana kumeneko ndiye amaimira chipani." Osunga mwambo ndi mmene tawamasulira ma social conservative. Chabwezedwa kawiri. Chavuta n'chiyani?

Womasulira: Achimwene, yambani ndi "osunga mwambo". Womvera wa ku Dowa akamva mwambo, maganizo athamangira ku chinamwali, ku dambwe ndi kwa mafumu, pamene anthu mukunenawa nkhani yawo si imeneyo. Musavutike kusaka liwu limodzi, kulibe. Tchulani zimene amafuna: "ovota omwe amatsutsa kuchotsa mimba ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo amafuna kuti chipembedzo chikhale ndi malo m'masukulu ndi m'boma." Nenani kamodzi koyambirira, kenako muzingoti "ovota amenewa".

Liwu la evangelical musalisandutse "a pente". Ofufuza amangomufunsa munthu ngati amadziona kuti ndi wobadwa mwatsopano kapena evangelical, ndipo a Baptist ambiri amayankha kuti eya. Komanso magulu awiriwa si amodzi ndendende. Rick Santorum ndi wa Katolika, koma ndi amene ovota amenewa anamukumbatira mu 2012.

Wa desiki ya zakunja: Theka lachiwiri la chiganizocho lichoke lonse, n'labodza. Mu 2008 ku Iowa anapambana Mike Huckabee, m'busa wa Baptist yemwe anali gavanala wa Arkansas, koma chipani anachiimira John McCain. Mu 2012 anapambana Santorum, anaimira Mitt Romney. Mu 2016 Ted Cruz anapeza maperesenti pafupifupi 28, Donald Trump 24, Marco Rubio 23, koma woimira chipani anali Trump. Katatu kotsatizana. Mu 2024 Trump anatenga zonse ziwiri, koma zimenezo sizipanga lamulo.

Chifukwa chake ndi masamu a nthumwi. Mu 2024 Iowa inali ndi nthumwi 40 zokha, zogawidwa molingana ndi mavoti, pamene munthu ankafunika 1,215 kuti aimire chipani. Trump anatengapo 20, Ron DeSantis 9, Nikki Haley 8, Vivek Ramaswamy 3. Kuchoka pamenepo mpikisano umapita ku New Hampshire, komwe opita ku tchalitchi ndi ochepa ndipo anthu osalembetsa chipani chilichonse amaloledwa kuvota nawo. Uthenga womwe wagwira ku Iowa umakafika kumeneko utazizira.

Samalaninso musanene kuti akusankha "mtsogoleri wa chipani". Kuno kwathu nthumwi zimakasankha mtsogoleri ku konveshoni ndipo yemweyo amadzaima pa upulezidenti. Uko wapampando wa chipani ndi munthu wina, ndipo nthumwi zambiri zimafika ku konveshoni zitamangidwa kale ndi mavoti a m'zigawo.

Wa kafukufuku: Ine vuto langa lili pa "munthu wopemphera". Zikanakhala choncho, Mike Pence, yemwe anali wachiwiri kwa Trump ndipo amadziwika ndi kupemphera, sakanasiya mpikisano mu Okutobala 2023 voti ngakhale imodzi isanaponyedwe.

Posinthira zinthu ndi mu Febuluwale 2016. Jaji Antonin Scalia wa khoti la Suprimu anamwalira pa 13, ndipo pa 20 Trump, munthu wa maukwati atatu, anapambana ku South Carolina, komwe ma evangelical ndi ochuluka zedi pakati pa ovota, n'kutenga nthumwi zonse 50. Mu Meyi chaka chomwecho anatulutsa mayina 11 a majaji omwe angasankhepo wolowa m'malo mwa Scalia. Kwa munthu wotsutsa kuchotsa mimba, pepala limenelo linali lolemera kuposa umboni wa pa guwa, chifukwa jaji wa khotilo amakhalapo moyo wake wonse. Trump anadzaika majaji atatu, Gorsuch, Kavanaugh ndi Barrett, ndipo pa 24 Juni 2022 khotilo linagwetsa chigamulo cha Roe v. Wade cha 1973, chomwe chinkalola kuchotsa mimba m'dziko lonselo.

Tsono onani 2024. DeSantis, gavanala wa Florida, anachita zonse zomwe zinkagwira kale. Anasaina lamulo loletsa kuchotsa mimba ikapitirira masabata asanu ndi limodzi ku Florida, anayenda makaunti (maboma ang'onoang'ono) onse 99 a Iowa, gavanala wa Iowa Kim Reynolds anali mbali yake, ndipo Bob Vander Plaats wa bungwe la The Family Leader, yemwe anali kumbuyo kwa Huckabee, Santorum ndi Cruz, anamuvomereza. Trump anafika podzudzula poyera lamulo la ku Florida lija. Zotsatira pa 15 Januwale: Trump maperesenti 51, DeSantis 21, Haley 19. Trump anatenga makaunti 98, ndipo yotsalayo, Johnson, Haley anaitenga ndi voti imodzi. Pa 21 DeSantis anasiya.

Wokonza pulogalamu: Zikomo mayi. Ndiye ndilembe kuti masiku ano nkhani yochotsa mimba ilibenso ntchito kwa iwowa?

Wa kafukufuku: Ayi achimwene, pamenepo mwalumpha. Ofunsidwa ku Iowa mu 2024 ambiri anaika chuma ndi nkhani ya olowa m'dziko patsogolo. Amene anati chachikulu ndi kuchotsa mimba anali ochepa, pafupifupi mmodzi mwa khumi, ndipo pakati pa iwowo DeSantis ndiye anatsogola. Ndiye nkhaniyo ikadali ndi mphamvu, kungoti kwa ambiri ndi ngongole yomwe Trump anabweza kale.

Pa manambala a kafukufuku samalani zingapo. Ku Iowa amafunsa anthu polowa m'holo ya msonkhano wovotera, osati potuluka, choncho yemwe wasintha maganizo atamva zolankhula za oimira makandideti mkatimo sagwidwa. Mu 2024 panali kafukufuku wa mitundu iwiri, wa Edison Research womwe ankagwiritsa ntchito ma TV akuluakulu ndi wa AP VoteCast. Mafunso ndi njira zawo n'zosiyana, musatenge nambala ya uyu n'kuiyerekeza ndi ya uyo. Onaninso ngati tebulo likunena ma evangelical onse kapena achizungu okha, chifukwa ma evangelical akuda ambiri amavotera chipani cha Democratic ndipo kumeneku kulibeko. Gulu likakhala la anthu 800, nambala ikhoza kusuntha ndi mapointi atatu ndi theka uku kapena uku, ndiye kusiyana kwa mapointi awiri si nkhani.

Mkonzi wa m'mawa: Ndikuvomereza, koma ine "ngongole yobwezedwa" sindingaiike m'kamwa mwa wowerenga nkhani. Ndi kutanthauzira kwathu, si chinthu chomwe chinawerengedwa. Ngati mukuifuna, inenedwe ndi katswiri pa tepi, ndi dzina lake.

Musaiwale kufotokoza caucus, njira yomwe amavotera ku Iowa. Si kuvota tsiku lonse ayi. Anthu amasonkhana 7 koloko madzulo m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'maholo, amamva zolankhula, kenako a Republican amalemba dzina pa kapepala mwachinsinsi. Amene amatuluka usiku wa chisanu chotere ndi okhawo olimbikira, ndipo n'chifukwa chake azibusa ndi magulu a makolo ophunzitsa ana pakhomo amalemera kumeneko kuposa chiwerengero chawo. Mu 2024 anabwera pafupifupi 110,000, pamene mu 2016 anali pafupifupi 187,000. Musati "anthu a ku Iowa asankha", muziti "a Republican omwe anafika ku misonkhanoyo".

Wa desiki ya zakunja: Ndipo 7 koloko ya ku Iowa mu Januwale ndi 3 koloko m'bandakucha kuno, ndiye nkhani za 6 koloko zimapeza kuwerenga kusanatsimikizidwe. Liwu loti "zoyambirira" lisachoke. Mu 2012 usiku womwewo analengeza kuti Romney wapambana ndi mavoti 8, patatha masabata awiri zinapezeka kuti ndi Santorum ndi mavoti 34.

Wokonza pulogalamu: Ndalemba chonchi: "Ku Iowa, ovota otsutsa kuchotsa mimba ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha ali ndi mphamvu yaikulu m'chipani cha Republican. Mu 2008, 2012 ndi 2016 anakweza munthu yemwe sanadzaimire chipani. Mu 2024 ambiri anatsata Trump, yemwe anaika majaji atatu omwe anathandiza kugwetsa Roe." Masekondi 25.

Womasulira: Chotsani dzina loti Roe, womvera sakulidziwa. Ikani "chigamulo cha 1973 chomwe chinkalola kuchotsa mimba m'dziko lonselo". Muwonjezera masekondi anayi, muwadule pa nyimbo yotsegulira.