Kodi kusintha kwa nyengo kukuwonjezera ukali wa anamondwe?

Wofunsa wa ku Kawale: Akuluakulu, chichitikireni namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023, ndakhala ndikudzifunsa ngati kusintha kwa nyengo ndiko kukuchititsa zimenezi.

Mayi wa ku Area 25: Bambo, namondwe amatenga mphamvu ku madzi a m'nyanja yamchere akafunda kupitirira madigiri 26. Nyanjazo zikutenthera, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, motero mvula imagwa yochuluka koposa.

Bambo wa ku Likuni: Mayi anena zoona, komabe akatswiri sakunena kuti anamondwe onse akuchuluka, koma kuti aukali kwambiri ndiwo akuwonjezereka. Chondipweteka ine n'chakuti pa nthawi ya Freddy ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola mabanja, ndipo kudula mitengo kunakulitsa ngoziyo.